Makina a Mtima Akucoka m'Maofesi Kupita pa Cipupa ca Panja

Ambili a ife tinamvapo pa malilo wolankhulila banja akunena kuti, "Sanadwale ai, anangogwa." Munthu anauka bwino-bwino m'mawa, wadya nsima masana, madzulo wagwa pa siteshoni ya basi kapena pa bwalo la mpila, ndipo pofika naye ku cipatala adokotala angotsimikizila kuti watisiya kale. Imfa zotele zili ndi zifukwa zosiyana-siyana, koma zambili zimabwela cifukwa mtima waleka mwadzidzidzi kupopa magazi. Alipo makina amene angabweze munthu wotele ngati afika pa iye m'mamineti oyambilila. Dzina lake ndi defibrillator, ndipo mtundu umene munthu wamba angagwilitsile nchito umadziwika kuti AED. Ndi kabokosi kopepuka, konyamulika ndi dzanja limodzi, koyendela batili.

M'maiko monga Denmark, Britain ndi Japan anagula makina amenewa ambili-mbili m'zaka 20 zapitazi. Anawaika m'masukulu, m'mabanki, m'maofesi ndi m'malo ocitila masewela. Patapita zaka, ataunika bwino, anapeza kuti anthu anali kufabe pafupi ndi makinawo, cifukwa pa nthawi imene munthu wagwa nyumbayo inali yokhoma ndipo wosunga kiyi anali atapita kwao. Ndiye cifukwa cake tsopano akuwatulutsa ndi kuwapacika panja, pamene aliyense angawatenge usana ndi usiku.

Cimene cimacitika mu mtima

Mtima uli ndi magetsi ake-ake. Kacigawo kena kakang'ono kumtunda kwa mtima kamatumiza kamphamvu ka magetsi kambili pa mineti iliyonse, nthawi 60 kufika 100 munthu akakhala phee, ndipo mnofu wonse wa mtima umafinya pamodzi ndi kukankha magazi. Nthawi zina magetsiwa amasokonezeka. Mbali iliyonse ya mnofu imayamba kugunda payokha, mtima n'kumangonjenjemela osakankha magazi ngakhale pang'ono. Madokotala amati ventricular fibrillation. M'masekondi ocepa munthu amagwa, sadziwanso kanthu, ndipo amaleka kupuma bwino.

Amene tinaimbako kwaya tidziwa zimene zimacitika mau oyamba akathamanga, a besi akatsalila, aliyense n'kumaimba zake. Wotsogolela sangakonze nyimboyo ili mkati. Amakweza dzanja, onse n'kukhala cete, kenako amayambitsanso onse pamodzi. Ndi zimene AED imacita. Imamenya mtima ndi magetsi amphamvu kamodzi, cisokonezo conse n'kuima, ndipo kacigawo kotsogolela kaja kamapeza mpata woyambitsanso kugunda kwabwino.

Koma mpata umenewu ndi waufupi. Ubongo ukakhala mamineti anai kapena asanu wopanda magazi umayamba kuonongeka. Kunjenjemela kwa mtima nako kumazilala pang'ono-pang'ono mpaka mtima utangoti zii, ndipo ukafika pamenepo magetsi sathandizanso. Za m'mafilimu zija, zakuti mzele wa pa sikilini waongoka ndiye adokotala amenya magetsi munthu n'kuuka, n'zabodza. Bungwe la British Heart Foundation limati mineti iliyonse imene yapita popanda wina kukanikiza cifuwa ndi kubweletsa AED, mwai wakuti munthuyo apulumuke umatsika ndi magawo ofika 10 pa 100. Ku Britain anthu oposa 30,000 amagwa motele kunja kwa cipatala caka ciliconse, ndipo opulumuka safika mmodzi pa 10, ngakhale kuti ambulansi ya kumeneko ndi yacangu kuposa yathu.

Tisasokoneze vutoli ndi lija la kutsekeka kwa mtsempha wopeleka magazi ku mtima, limene pa Cizungu amati heart attack. Pa vuto limenelo munthu nthawi zambili amakhala ali maso, amalankhula, amadandaula kuti pacifuwa papweteka ngati wina wamukhalila, amacita thukuta. Uyu afunika cipatala mwamsanga, osati kumukanikiza. Koma kutsekeka kwa mtsempha ndiko kaŵili-kaŵili kumasokoneza magetsi a mtima, conco wodwala wotele angagwe nthawi iliyonse.

Umboni wakuti mamineti ndiwo amaweluza nkhaniyi unacokela ku malo amene sitingawayamikile pa zina. M'nyumba za njuga za ku America, maka-maka ku Las Vegas, muli makamela paliponse ndipo alonda amaona munthu akangogwa. Alondawo anaphunzitsidwa kugwilitsila nchito AED, ndipo zotsatila zake zinafalitsidwa mu 2000. Mwa anthu amene anaoneka akugwa, mtima uli kunjenjemela, n'kumenyedwa magetsi mamineti atatu asanathe, 74 pa 100 anapulumuka. Mwa amene anamenyedwa mamineti atatu atapitilila, anapulumuka 49 pa 100. Alonda amenewa sanali madokotala. Anali cabe pafupi, ali ndi makina m'manja.

Okonda mpila anazionela okha pa TV pa Ciwelu, pa 12 June 2021, pamene Christian Eriksen wa timu ya Denmark anagwa pa bwalo la Parken ku Copenhagen akusewela ndi Finland. Anayamba kumukanikiza cifuwa pomwepo, anamumenya magetsi kamodzi, mtima unabwelela, ndipo mu February 2022 anali kusewelanso ku Brentford. Sitikunena kuti makinawa amapulumutsa aliyense. Chaswe Nsofwa, mwana wathu wa Chipolopolo, anagwa pa 29 August 2007 akusewela ndi anzake a Hapoel Be'er Sheva ku Israel, ndipo anamwalila ngakhale kuti a zaumoyo anayesetsa. Enock Mwepu yena vuto lake la mtima, lotengela ku mtundu, linadziwika asanagwe pa bwalo, ndipo anasiya mpila mu October 2022 ali ndi zaka 24. Nkhani za anyamata amenewa zimamveka kwambili, koma tisaiwale kuti ambili amene amagwa ndi acikulile, ndipo palibe dokotala wa timu amene amakhala cilili pambali pao.

Zimene anapeza ku Copenhagen

Dziko la Denmark lili ndi anthu pafupi-fupi 6 miliyoni, ndipo limalemba mosamala za munthu aliyense amene mtima wake unaima kunja kwa cipatala. Mu 2001 opulumuka anali osakwana anai pa 100. Boma ndi mabungwe anayamba ndi kuphunzitsa anthu: kucokela mu 2005 ana a sukulu anayenela kuphunzila kukanikiza cifuwa, ndipo kucokela mu 2006 aliyense wofuna laisensi yoyendetsela motoka anayenela kucita maphunzilowo. Pofika 2010 opulumuka anali pafupi-fupi 11 pa 100. Bungwe la TrygFonden linayambanso kaundula wa ma AED onse a m'dzikomo, kuti munthu akaimba 112 wolandila foni azimuuza pamene pali makina apafupi.

Apa m'pamene vuto la makiyi linaonekela. Ofufuza anatenga malo onse a mu Copenhagen pamene anthu anagwela pagulu kucokela mu 1994 kufika 2011, n'kuwayelekezela ndi malo a ma AED 552 olembedwa m'kaundula. Anapeza kuti mwa makina onsewo, 9 cabe pa 100 ndiwo anali kupezeka nthawi iliyonse. Otsalawo anali m'nyumba zimene zimatsekedwa anchito akaweluka. Koma anthu oposa 6 pa 10 anali kugwa madzulo, usiku kapena kumapeto kwa mlungu, nthawi imene zitseko n'zokhoma. Pa maola amenewo thandizo la makinawo linali kucepa ndi kuposa theka. Lipoti limeneli linatuluka mu 2013. Ku Toronto, m'dziko la Canada, anapeza zofanana mu 2016: mwa anthu asanu alionse amene anagwa pafupi ndi AED, mmodzi anagwa pa nthawi imene makinawo anali otsekeledwa.

Kafukufuku wina wa ku Copenhagen komweko, wa mu 2019, anafunsa funso limene aliyense wa ife angafunse: kodi kutsegukako kumasinthadi kanthu? Anayang'ana anthu amene anagwa pa mtunda wosapitilila mamita 200 kucokela pa AED. Kumene makina anali otheka kutengedwa pa ola limenelo, anthu odutsa anamenya magetsi kuwilikiza katatu, ndipo amene anali moyo patapita masiku 30 anali pafupi-fupi 29 pa 100. Kumene makina analipo koma okhomeledwa, anali pafupi-fupi 16 pa 100. Makina ndi amodzi-modzi, mtunda ndi umodzi-modzi, cosiyana ndi citseko.

Conco anayamba kulimbikitsa eni makina kuti awatulutse ndi kuwaika m'mabokosi a pa cipupa ca panja. Kucita zimenezi n'kochipa kuposa kugula makina atsopano, ndipo makina amodzi amene anali kutumikila ofesi ya anthu 30 maola 8 pa tsiku amayamba kutumikila mseu wonse maola 24. Mu 2017 anaonjezela cina. Anthu odzipeleka amaika pulogilamu pa foni, ndipo wina akagwa, ofesi ya 112 imaliza mafoni a odzipeleka amene ali pafupi. Ena amauzidwa kuthamangila kwa wodwalayo kukayamba kukanikiza, ena amauzidwa kuyamba atenga AED pa cipupa cakuti-cakuti. Amawacha hjerteløbere, kutanthauza othamangila mtima, ndipo nthawi zambili amafika ambulansi isanafike. Dongosolo limeneli lingagwile nchito usiku kokha ngati bokosi limene wothamangayo watumidwako n'lotseguka.

Palinso cifukwa cina cimene cimatikhudza kwambili. Anthu 7 kapena 8 pa 10 alionse amene mtima wao umaima amagwela panyumba. Makina a m'mashopu akulu-akulu ndi m'maofesi a m'tauni sangawathandize. Afunika kukhala kumene anthu amagona. Ku Britain ofufuza anapezanso kuti m'madela a anthu osauka, kumene matenda a mtima ndi oculuka, ndiko AED yopezeka usana ndi usiku imakhala kutali. Makina amakonda kutsatila ndalama m'malo motsatila odwala, ndipo zimenezi sizisintha zokha popanda wina kukhala pansi ndi mapu.

Loko, dzuwa ndi wosamalila

Funso loyamba limene aliyense amafunsa ndi la akawalala. Ku Britain mabokosi ambili a panja ali ndi loko ya manambala. Munthu amaimba 999, amachula nambala yolembedwa pa bokosi, ndipo wolandila foni amamuuza manambala otsegulila. Bungwe la Resuscitation Council UK limalangiza kuti ngati n'kotheka mabokosi asamakhomedwe, cifukwa kuba sikucitika kaŵili-kaŵili, pamene munthu wonjenjemela ndi mantha, mu mdima, angataye mamineti awili kulimbana ndi loko. Ife tikuona kuti kuno kwathu nkhaniyi ingakhale yolemela kuposa pamenepo, popeza tidziwa zimene zimacitikila mabatili a sola ndi mawaya. Komabe loko ya manambala imafuna ofesi imene imayankha foni mwamsanga ndipo ili ndi kaundula. Popanda zimenezo, yankho labwino ndi malo amene pamakhala munthu usiku wonse: pa geti pamene pali mlonda, pa polisi, pa malo omwetsela mafuta. Ku Japan, kumene lamulo linalola anthu wamba kugwilitsila nchito AED mu July 2004, mizinda ina inaika makinawa m'mashopu ang'ono-ang'ono amene satseka usiku, pa cifukwa comweci.

A ku Britain anapezanso nzelu ina. Tunyumba tofiila twa mafoni a m'miseu tutatha nchito, kampani ya BT inayamba kutugulitsa kwa anthu a m'midzi pa paundi imodzi, ndipo tambili tunasanduka mosungila AED. Aliyense m'mudzimo adziwa pamene kali, ndipo magetsi alimo kale. Machalichi ambili a kumeneko naonso anapacika mabokosi pa zipupa zao za panja, poona kuti nyumba ya mapemphelo ili pakati pa anthu koma masiku ambili pa mlungu imakhala yokhoma. Malo onsewa amalembedwa m'kaundula wa dziko lonse wochedwa The Circuit, amene a ambulansi amaona pa kompyuta.

Mabokosi a ku Ulaya amakhala ndi kotenthetsela cifukwa ca cisanu. Kwathu mdani ndi dzuwa. Makina ambili anapangidwa kuti azisungidwa pa kutentha kosapitilila madigili 50, ndipo bokosi lacitsulo limene lili pa dzuwa mu October, ku Chipata kapena ku cigwa ca Luangwa, lingapitilile pamenepo. Lifunika mthunzi, pa khonde, kumene mvula ndi fumbi sizifika. Za kuzima kwa malaiti musade nazo nkhawa, AED imayendela batili yake imene imakhala zaka zingapo osaichaja.

Koma batiliyo imatha, ndipo zomata za pacifuwa, zimene amati mapadi, zili ndi deti yothela, kaŵili-kaŵili pakati pa zaka ziwili ndi zisanu. Zikagwila nchito kamodzi zimatayidwa. Conco bokosi lililonse lifunika munthu wodziwika ndi dzina amene amalitsegula kaŵili-kaŵili, kuona ngati kanyali kobiliwila kakuyaka, ndi kuitanitsa zatsopano nthawi isanathe. Tonse tinaonapo mijigo ndi makompyuta a mphatso zitangokhala cifukwa palibe amene anapatsidwa udindo wogula kacitsulo kamodzi. AED imodzi ku Britain imagulidwa pa mapaundi pafupi-fupi 1,000, osaŵelengela bokosi. Amene akuganiza zogula ayambe afunsa ngati mapadi ndi batili za mtundu umenewo zimapezeka mu Zambia, ndi pa mtengo wanji.

Munthu akagwa pamaso pathu

Cizolowezi cathu n'cakuti timamuthila madzi, timamukupiza ndi citenje, wina amafuna kumuika sipuni m'kamwa, ena athamangila kufuna motoka. Zonsezi timacita mwacikondi, koma ngati mtima waima zimangodya mamineti. Coyamba, mugwedezeni m'mapewa ndi kumuitana mokweza. Ngati sayankha, yang'anani cifuwa cake kwa masekondi osapitilila 10. Apa ambili amanamizika, cifukwa munthu amene mtima wake wangoima angathe kukoka mpweya mwa apo ndi apo ngati nsomba yovuulidwa m'madzi, kapena kuliza mkonono, kapena kugwedezeka pang'ono ngati wa khunyu. Kumeneko sikupuma. Ngati sayankha ndipo sapuma bwino, yambani.

Lozani munthu mmodzi, osati gulu: "Inu amai a duku yofiila, imbilani ambulansi. Iwe mnyamata, thamanga ukatenge AED." Mugonekeni cagada pansi polimba, gwadani pambali pake, ikani cikhatho pakati pa cifuwa, dzanja lina pamwamba pake, mikono yoongoka. Kanikizani kulowa masentimita 5 kapena 6, nthawi 100 kufika 120 pa mineti, kumene kuli ngati kawili pa sekondi iliyonse, ndipo muzilola cifuwa kubwelela. Ngati simunaphunzile kuuzila mpweya m'kamwa, kanikizani cabe osaleka. Nthiti ingathyoke, koma nthiti imapola. Nchitoyi ndi yolemetsa, conco muzisinthana mamineti awili alionse. Kukanikiza pakokha kaŵili-kaŵili sikubweza mtima m'malo mwake. Kumangotumiza magazi ocepa ku ubongo ndi kusunga mtima uli wokhoza kumva magetsi mpaka makina atafika.

AED ikafika, itseguleni ndi kuiyatsa, wina akupitiliza kukanikiza. Imalankhula, ndipo pa mapadi pali zithunzi zoonetsa pomata: imodzi kumanja pansi pa fupa la m'khosi, ina kumanzele m'munsi mwa khwapa. Cifuwa cikhale poyela ndipo cikhale couma. Makina adzakuuzani kuti musamukhudze pamene akupima mtima, ndipo ngati magetsi afunika adzakuuzani kudina batani, kapena adzamenya okha. Onetsetsani kuti palibe womugwila, kenako bwelelani pa kukanikiza nthawi yomweyo. Amapimanso pakapita mamineti awili alionse. Mantha akuti mungaphe munthu amene wangokomoka cabe acoke, cifukwa makinawa salola kumenya mtima umene ukugunda bwino, ngakhale mutadina batani. Akanena kuti magetsi safunika koma munthu sapumabe, pitilizani kukanikiza. Kwa mwana wosafika zaka 8 pali mapadi a ana, koma ngati palibe gwilitsilani nchito a akulu, imodzi pacifuwa ina kumsana.

Tichule cina cimene ambili amacita naco manyazi. Ofufuza a ku America anapeza kuti akazi akagwa pagulu sathandizidwa kaŵili-kaŵili ngati amuna, cifukwa anthu amaopa kuwagwila pacifuwa ndi kuwavula. Mapadi sagwila nchito pamwamba pa zovala. Anzake a Eriksen anaima mozungulila kumuchinga ku makamela pamene madokotala anali kugwila nchito. Kwathu azimai anai ndi zitenje zao angacite zomwezo m'masekondi ocepa.

Nanga kuno kwathu?

Sitinganamizane kuti bokosi la pa cipupa lingacite ku Katete zonse zimene limacita ku Copenhagen. Munthu amene mtima wake wabwelela afunikabe cipatala cokhala ndi zipangizo, cifukwa cimene cinaimitsa mtimawo cikalipo. Komanso ndalama ya AED imodzi ingagule makina ambili opimila BP, ndipo BP yosasamalidwa ndiyo imodzi mwa mizu ikulu ya matenda a mtima pakati pathu. Kumbali ina, kumene ambulansi imacedwa ndiko munthu wapafupi amakhala ciyembekezo cokha. A ku Denmark anayamba ndi kuphunzitsa manja, makina a panja anabwela pambuyo, ndipo ife tikuona kuti dongosolo limenelo ndilo lanzelu. Bungwe la Zambia Red Cross Society limaphunzitsa thandizo loyambilila, ndipo m'mipingo yathu yambili muli manesi ndi makiliniko ofesa amene angaonetse gulu la acinyamata kapena la azimai mmene amakanikizila cifuwa.

Kumene AED ilipo kale, ku nchito kwanu, ku sukulu ya ana anu, kapena ku malo ocitila masewela, funsani mafunso amene a ku Copenhagen anafunsa mocedwa. Ili m'cipinda citi? Ndani amasunga kiyi? Pa Sondo masana, kapena 22 koloko usiku, munthu wa m'nyumba yoyandikana nayo angaitenge? Mapadi ake atha liti? Ngati yankho n'lakuti ili m'kabati ya abwana ndipo abwanawo ali pa chuti, pemphani kuti isamutsidwile pa geti pamene pali mlonda, paikidwe cikwangwani cobiliwila ca mtima ndi mphezi, ndipo anthu a nyumba zozungulila auzidwe.